Agogo anasiya makope odzaza ndi maina a odwala, mbiri yawo ndiilembe bwanji?

Mdzukulu_wamkulu walemba:

Moni nonse. Ndabwera ndi funso lomwe landisowetsa mtendere, ndipo ndikupempha makamaka inu amene munasamalirapo odwala m'makomo, kapena amene munasamalidwapo, kuti mundigawireko nzeru.

Agogo anga aakazi, obereka amayi anga, atisiya chaka chino atapitirira zaka 90. Pamaliro pawo mbiri inawerengedwa bwinobwino: anabadwa m'zaka za m'ma 1930, anakwatiwa, anabereka ana, amuna awo anatsogola kalekale, asiya zidzukulu ndi zidzukulutudzi. Kumapeto kunali chiganizo chimodzi chakuti anali mayi wokonda kuthandiza anthu. Ndi zoona, koma mawuwo anandiwawa mumtima, chifukwa mungawanene pa munthu aliyense wachifundo. Agogo anagwira ntchito yodzipereka kwa zaka pafupifupi 40 osalandira malipiro, ndipo inali ntchito yeniyeni, yofuna luso, yokhala ndi masiku ake ndi zowawa zake.

Anayambira kusikelo ya ana, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Sukulu sanapite nayo patali, koma manambala ankawadziwa, ndipo ankalemba pang'onopang'ono ndi zilembo zikuluzikulu. Tsiku la sikelo ankalawirira kukapachika sikeloyo panthambi ya mtengo, n'kumalandira ana mmodzimmodzi, kuwaveka kakabudula kopachikira kaja, kudikira kuti muvi usiye kugwedera, kenako n'kuika kadontho pakhadi. Mzere wa pakhadi ukasiya kukwera, mayi wa mwanayo sankamukalipira pagulu ayi, ankamulondola kunyumba madzulo kuti akamve chomwe chavuta. Chimene chinawalowetsa m'ntchitoyi anandiuza okha ndili wamkulu kale. Mwana wawo wachiwiri anamwalira ndi chikuku katemera asanafike kwawo, ndipo atadzamva kuti jakisoni akanatha kumupulumutsa, anatsimikiza mumtima kuti pasadzapezekenso mayi wapafupi nawo wosamva za tsiku la katemera. Pamkono pawo panali chipsera cha katemera wa nthomba, ndipo nthombayo anaiona ndi maso awo, sizinali zongomva. Adzukulu tonse anaonetsetsa kuti taloweza kapangidwe ka madzi omwetsa mwana wotsegula m'mimba: lita imodzi ya madzi aukhondo, timasupuni 6 ta shuga tosasefukira, ndi theka la kasupuni ka mchere. Ankati uyambe walawa wekha, asawawe mchere kuposa misozi, chifukwa mchere ukachuluka umavulaza mwana m'malo momuthandiza.

Kenako kunabwera Edzi. Apa n'kuti ine ndikuzindikira zinthu, ndipo chikwama chawo chansalu ndimachikumbukira: munali sopo, magolovesi, tinsalu tochapa kale, mafuta odzola ndi kodulira zikhadabo. Ankalowa m'nyumba zomwe abale enieni a wodwala ankangoima pakhomo n'kufunsa kuti wagona bwanji. Kusambitsa, kuchapa zofunda, kuchezera usiku wonse, ndipo nthawi zambiri kutseka maso a munthu amene anamuyeza pasikelo ali khanda kapena amene anamuona akukwatiwa. Mankhwala otalikitsa moyo atayamba kupezeka, ntchito yawo inasintha. Anayamba kuperekeza anthu kukayezetsa magazi, kukumbutsa tsiku lokatenga mankhwala, ndi kuyang'anira odwala chifuwa chachikulu akamameza mapiritsi. Kuyenda m'makomo anasiya mu 2020, COVID-19 itachititsa kuti okalamba azikhala pakhomo, komanso miyendo inali itayamba kukana. Ngakhale pamenepo amayi achichepere ankabwerabe ndi makhadi a ana kuti agogo awaonere.

Vuto langa ndi ili. Polongedza katundu wawo tinapeza m'sutikesi mulu wa makope a ana asukulu, omangidwa ndi chingwe. Muli dzina la munthu, tsiku, ndi mawu afupiafupi: "sakudya", "zilonda pamsana", "wakana kupita kuchipatala", "ana alibe owasamala". Maina ambiri anawadula ndi mzere. Ena mwa anthu olembedwamo akadali moyo ndipo timakumana nawo panjira. Ena anamwalira, ndipo ana awo mpaka lero sadziwa chimene chinatenga makolo awo.

Amalume akuti makopewo tiwaotche lero lomwe. Mng'ono wanga akuti tijambule masamba ena tiike pa Facebook kuti anthu aone mmene agogo anagwirira ntchito. Ine zonse ziwiri mtima wanga ukukana. Ndikufuna kulemba mbiri yoti ana athu adzawerenge n'kudziwa chimene mayi ameneyu ankachita akatuluka m'mamawa ndi chikwama chija, koma popanda kuyalutsa munthu. Mukanakhala inu mukanatani?

Volontiya_wakale walemba:

Pepa mwana wanga. Mzimu wa agogo ako uuse mumtendere. Ine maso anafooka, ndiye ndikulankhula, mdzukulu wanga ndi amene akulemba pafoniyi. Ntchito ukunenayo ndinaigwira, ndipo makope oterewo nanenso ndili nawo.

Usawaotche, komanso usawaonetse. Tsiku loyamba la maphunziro athu, tisanaphunzire n'komwe kuvala magolovesi, anatiuza za chinsinsi. Zimene waona m'nyumba ya wodwala uzisiye pakhomo pomwepo, ngakhale mwamuna wako asazimve. Anthu ankatitsekulira chitseko chifukwa cha chimenechi basi. Masiku amenewo munthu akadziwika kuti ali ndi kachilombo, anzake ankasiya kumupatsa moni wapamanja, ana ake ankanyozedwa kusukulu, mkazi ankathamangitsidwa pabanja. Agogo ako maina amenewo apita nawo kumanda osaulula. Mng'ono wako akufuna kuwalemekeza, ndikumumvetsa, koma akaika masambawo pagulu ndiye kuti waphwanya lonjezo limene mwiniwake analisunga zaka zonsezo.

Ndikuthandize kuwerenga, chifukwa mawu afupiafupiwo abisa ntchito yaikulu. Ukaona "zilonda pamsana", dziwa kuti munthuyo anagonera mbali imodzi masiku ambiri popanda womutembenuza. Khungu limafa pamene fupa latsamira pogona: m'chiuno, kumunsi kwa msana, kuzidendene, m'mapewa. Wodwala wosatha kudzisuntha amafunika kutembenuzidwa maola awiri aliwonse, usana ndi usiku. Ndiye agogo ako sankangotsuka chilondacho n'kumapita. Ankayenera kupeza wina m'banjamo, kawirikawiri kamtsikana kapena nkhalamba inzawo, n'kumuphunzitsa kupinda bondo la wodwala, kumugwira paphewa ndi m'chiuno, n'kumugudubuzira mbali imene iye waima, osamukoka. Bambo wamkulu ukamunyamula molakwika msana wako umatheratu. Ambiri mwa ife tikuyenda chowerama lero chifukwa cha zimenezi.

Ukaona "sakudya", si kuti munthuyo anali ndi mwano. Nthawi zambiri zinali zilonda zoyera zija za m'kamwa ndi kukhosi, moti ngakhale kumeza malovu kunkapweteka. Tinkapukuta m'kamwamo ndi kansalu konyowetsa m'madzi amchere pang'ono, kupaka mankhwala a zilonda otchedwa GV akakhalapo, kenako kumwetsa ndi kasupuni, ola lathunthu kuti kapu imodzi ithe. Magolovesi akatha tinkavala majumbo m'manja n'kumanga pamkono. Ndipo "wakana kupita kuchipatala" usamuweruze munthuyo. Ena analibe wowanyamula, ena anali atapitako kangapo n'kubwezedwa kuti palibenso chochita, ena ankangofuna kutsirizikira pamene akumva mawu a ana awo.

Chinanso, ife sitinkayenda tokha, tinkayenda awiriawiri. Agogo ako anali ndi mnzawo amene ankagwira mbali ina ya bulangete. Funsa amayi ako kuti anali ndani. Ngati akadali moyo, pita msanga, usati udikire kaye kuti ukonze mafunso. Ife a nthawi imeneyo tatsala ochepa.

Namwino_wopuma walemba:

Pepani achemwali ndi zovutazi. Ndikugwirizana ndi amayi alankhula pamwambapa. Ndinagwira unamwino mpaka kupuma, ndipo malipoti a mavolontiya ankafikira patebulo panga mwezi ndi mwezi, choncho ndiwonjezereko za mmene mungalembere.

Mbiri ya agogo anu idzamveka bwino mukaiyendetsa limodzi ndi zimene zinkachitika padziko lonse, chifukwa sanangodzuka tsiku lina n'kutenga sikelo. Mu 1974 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linayambitsa ndondomeko yofikitsa katemera kwa ana onse, ya matenda asanu ndi limodzi: chikuku, poliyo, kafumbata, chifuwa chachikulu, chifuwa chokoka mtima ndi matenda a kukhosi otchedwa diphtheria. Mu 1978 mayiko anakumana ku Alma-Ata, m'dziko lomwe lero ndi Kazakhstan, n'kugwirizana kuti chithandizo choyambirira chizifika kumene anthu amakhala, ndipo anthu eniake azitengapo mbali. Mu 1982 UNICEF, motsogozedwa ndi James Grant, inalimbikitsa zinthu zinayi zosafuna ndalama zambiri: kuyeza kakulidwe ka mwana, madzi a shuga ndi mchere, kuyamwitsa ndi katemera. Taonani kuti zitatu mwa zinayizi mwazitchula nokha pofotokoza agogo anu. Anamwino sitinali okwanira kufika pakhomo lililonse ngakhale pang'ono, ndipo amene anafikako ndi amayi ngati iwowo. Chipsera cha pamkono chija nachonso musachisiye. Nthomba inalengezedwa kuti yatheratu padziko mu 1980, choncho ana anu sadzaona chipsera chotere pa anzawo, ndipo afunika kuuzidwa.

Makope a nthawi ya Edzi ndi amene adzakuvuteni kuwerenga. Mu 1996 mankhwala atatu ophatikiza anayamba kudzutsa anthu m'mayiko olemera, koma kwa osauka anali osafikirika. Thumba la ndalama zolimbana ndi Edzi, chifuwa chachikulu ndi malungo la Global Fund linakhazikitsidwa mu 2002, ndondomeko ya boma la America yolimbana ndi Edzi ya PEPFAR mu 2003, ndipo ndi pambuyo pake pamene mankhwala anayamba kufika m'zipatala zazing'ono. Imfa za Edzi zinafika pachimake cha m'ma 2004, anthu pafupifupi 2 miliyoni pachaka padziko lonse. Zaka zonse zapakatizo mankhwala analipo kwina, koma m'chikwama cha agogo anu munali sopo ndi tinsalu. Ine zimenezi zimandipwetekabe, chifukwa amene tinkabweza odwala kuti akasamalidwe kunyumba tinali ife, ndipo kunyumbako tinkadziwa amene akawalandire.

Tsono chitani izi. Musakopere maina, muwerenge. Chaka ndi chaka, ndi makomo angati amene anawayendera? Dzina likalowa m'kope, linkakhala miyezi ingati lisanadulidwe ndi mzere? Ndikhulupirira kuti mudzapeza chaka chimene mizere ikuyamba kuchepa, dzina limodzi n'kumabwerabe chaka chino, chamawa, kenako n'kusowa popanda mzere chifukwa munthuyo wadzuka wapita kuntchito zake. Manambala oterewa savulaza munthu, koma akusonyeza ntchito yawo kuposa mawu akuti anali wokonda kuthandiza.

Samalani ndi kusintha dzina kokha, sikukwanira. Kumene anthu amadziwana, mukalemba kuti mphunzitsi wina amene mkazi wake anali ndi mapasa, mwamutchula kale. Chotsani ntchito ya munthu, chiwerengero cha ana ake ndi malo a nyumba yake. Masambawo musawajambulenso ndi foni, chifukwa chithunzi chikalowa m'foni chimasamukira kwina mwini wake osadziwa, kapena mwana atha kuchitumiza pa WhatsApp mwangozi. Makopewo akhale m'bokosi lokiyika, pamalo ouma, pamwamba poti chiswe sichingafike. Musawakulunge m'pulasitiki chifukwa amasunga chinyezi, ndipo musawamatire pulasitiki wotenthetsa uja, amawononga pepala ndipo samatukanso. Kiyi akhale ndi munthu mmodzi amene banja lonse lagwirizana.

Mwana_wachisamba walemba:

Pepani achemwali. Zimene ndinene mwina sizikoma panthawi ngati ino, koma ndikuona kuti zikasowa, mbiri yanuyo idzakhala yoperewera.

Amayi anga nawonso anali volontiya. Anthu mpaka lero amandiimitsa panjira n'kundiuza kuti amayi anu anali munthu. Ndimavomera, chifukwa ndi zoona. Koma pamene iwo ankachezera kwa odwala, amene ankasambitsa azing'ono anga ndi kuwagoneka ndinali ine, ndili ndi zaka 12. Kusukulu ndinkafika mochedwa, maso ali tulo tokhatokha. Ndikadandaula ankandiyankha kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ine mumtima ndinkafunsa kuti nanga wako weniweniyo ngwa yani? Sindinawafunse mokweza ngakhale kamodzi, ndipo anamwalira ndisanawafunse.

Si kuti ndikuwaimba mlandu. Ndikukula ndinazindikira kuti analibe pothawira, chifukwa akanapanda kupita iwo, palibe akanapita. Amene ndimawadandaula ndi amene anakonza zinthu mwakuti chisamaliro cha anthu ochuluka chotere chigonere pamsana pa amayi osalipidwa. Zimene amayi analandirapo pazaka zonsezo ndi malaya olembedwa uthenga kumsana, ambulera, ndi njinga imene itathyoka panalibe woikonzetsa. Atayamba kukhosomola iwowo, patatha zaka akukhala m'tizipinda topanda mawindo ndi odwala chifuwa, mabungwe amene ankawatuma anali atatseka ntchito zawo n'kupita. Amene tinawadwazika ndi ife.

Nkhaniyi ndimaitsata chifukwa imandikhudza. Mu 2018 bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linapeza kuti pa maola onse a ntchito yosamalira ena yosalipidwa padziko lapansi, magawo atatu mwa anayi amagwira ndi amayi. Chaka chomwecho WHO inatulutsa malangizo akuti ogwira ntchito zaumoyo m'madera azilipidwa molingana ndi kulemera kwa ntchito ndi maola awo. Chaka chilichonse pa 5 December kumakhala tsiku lokumbukira anthu odzipereka, limene United Nations inakhazikitsa mu 1985, ndipo amawayamikira ndi mawu okoma. Kuyamika n'kwabwino, koma tikamangotama kuti ankagwira ulere, timaphunzitsa ana athu aakazi kuti ulerewo ndiye ulemu wa mkazi.

Choncho musanalembe, khalani pansi ndi amayi anu ndi azibale awo, aliyense payekha. Musawafunse kuti agogo anali otani. Afunseni kuti pamene agogo anali kwa odwala, inu munali kuti ndipo munkatani. Zimene ayankhe zilembeni, ngakhale zikhale zowawa. Agogo anu sachepa nazo.

Ndinachira walemba:

Achemwali, pepani kwambiri. Ine ndine mmodzi wa anthu amene maina awo ali m'makope oterewo, osati a agogo anu, koma a mayi wina wa mtima womwewo.

Ndinadwala chifuwa chachikulu ndili mnyamata wa ana awiri. Nthawi yathu mankhwala anali a miyezi 8, lero kwa ambiri ndi miyezi 6. Lamulo linali lakuti wina azikuona ukumeza, ndipo anandipatsa mayi ameneyu. M'mawa uliwonse ankafika ndisanadye kanthu, kundipatsa mapiritsi m'manja, kudikira ndimeze, n'kuchonga pakhadi. Tsiku loyamba ndinaona mkodzo wafiira, ndinati basi ndikukodza magazi, ndafa. Iwo anandikhazika mtima pansi kuti ndi mtundu chabe wa mankhwala amodzi, rifampicin, ndipo ngakhale thukuta ndi misozi zimatha kusintha choncho. Kuchipatala mwina ananena, koma ine mantha anali atanditseka makutu.

Patangotha masabata ochepa chifuwa chinaleka, thupi linabwerera, ndipo ndinafuna kunyamuka kukafuna ganyu kutali. Apa ndi pamene ambiri amagwera. Umamva ngati wachira pamene tizilombo tina tikadali moyo, ndipo ukasiya mankhwala timadzukanso, nthawi zina tosamvanso mankhwalawo. Mayi aja sanandiopseze. Anabwera madzulo, n'kukhala pakhonde ndi ine ndi mkazi wanga, n'kuwerenga nafe miyezi yotsala, kenako anakalankhula ndi mchimwene wanga kuti atithandize mpaka nditsirize. Ndinatsiriza. Ana aja lero ali ndi mabanja awo.

Chimene ndikufuna kukuuzani ndi chakuti si tonse amene tikufuna kubisala. Ine atabwera mdzukulu wa mayi aja kuti akulemba mbiri, ndingamuuze kuti lemba dzina langa lonse. Koma njira yake ndi yofunika. Musatenge kope n'kumagogoda m'makomo, chifukwa kungofika kwanu pakhomo la munthu kwamuuza kale kuti mwawerenga za iye, ndipo oyandikana naye aona. Lengezani kumene anthu amasonkhana, kumpingo kapena kusikelo komweko, kuti banja likulemba mbiri ya agogo, ndipo aliyense amene ali ndi chonena abwere yekha. Za makope musatchule n'komwe. Amene abwere ndiye kuti wasankha. Mukamaliza kulemba gawo lake, mumuwerengere kaye, avomereze, chifukwa munthu amatha kumasuka pocheza n'kudzadandaula ataona zili papepala.

Mdzukulu_wamkulu walemba:

Zikomo kwambiri nonse, mwandithandiza koposa mmene ndimayembekezera. Mng'ono wanga ndamuwerengera zimene agogo a pamwambapa ananena za chinsinsi, ndipo za Facebook wazisiya yekha. Makope tawaika m'bokosi monga a namwino mwanenera, kiyi ali ndi amayi.

Achemwali a Mwana_wachisamba, funso lanu ndinawafunsa amayi mmene munalinenera. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anandiuza kuti tsiku limene ankabereka mlongo wanga agogo sanabwere, anali kwa mayi wina amene ankatsirizika usiku womwewo. Anafika kutacha, maso ali ofiira, n'kunyamula khandalo. Amayi akuti anawakhululukira kalekale, koma sanauzepo munthu, ndipo atanena anapuma mozama. Amayi aang'ono, omaliza kubadwa, akuti iwo ndi amene ankachapa tinsalu tija, ndipo ankaopa kwambiri kuti atenga matenda koma ankachita manyazi kunena. Zonsezi andilola kuti ndilembe.

Za amalume ndazimvetsa tsopano. M'kope limodzi muli dzina la munthu wa m'banja mwathu momwemo, lolembedwa ndi dzanja lomwelo, mawu afupiafupi omwewo, ndi mzere womwewo. Sindinena zoposa apa. Ndawalonjeza kuti kope limenelo sindidzalitsekulanso, ndipo likhala kwa iwo, achite nalo zimene mtima wawo ukufuna. Ena onsewo avomera kuti ndiwerenge manambala okha.

Chilengezo chija tichita mwezi wamawa, abambo a Ndinachira. Ndipo mnzawo wa agogo wapezeka, akadali moyo, akukhala kwa mwana wawo. Makutu akuti sakumva bwino ndipo amatopa msanga. Agogo a Volontiya_wakale, ndikawafunse chiyani, ndipo ndikayambire pati? Ndikuopa kuti ndikangomva zomwe zija zakuti anali mayi wabwino.

Volontiya_wakale walemba:

Wachita bwino mwana wanga, makamaka za amalume ako.

Pita m'mawa, nkhalamba mutu umayera m'mawa. Kope usatenge. Funsa mwana wawo khutu limene likumvako, ukhale mbali imeneyo, moyang'anana nawo kuti aziona pakamwa pako, ndipo usakuwe, ungolankhula pang'onopang'ono. Tsiku loyamba usafunse kanthu, iwo adzafuna kulira mnzawo ndi kumva mmene anadwalira. Alole.

Ukabwereranso, funsa zinthu zogwirika. M'chikwama munkakhala chiyani, ndipo chinkayamba kutha n'chiyani? Nyumba yakutali kwambiri munkayenda nthawi yaitali bwanji, nanga mvula ikagwa munkawoloka pati? Mukalowa m'nyumba, ankayamba kulankhula ndani, ndipo ankagwira kumutu ndani? Anawaphunzitsa ndani kusambitsa munthu ali chigonere? Uwafunsenso zimene ankakangana ndi agogo ako, chifukwa anthu awiri sangayende limodzi zaka zonsezo osakangana, ndipo pamenepo ndi pamene udzamve khalidwe lawo lenileni. Ine ndi mnzanga tinkakangana za kuuza wodwala zoona akafunsa ngati achire. Iye ankati timulimbitse mtima, ine ndinkati munthu wa ana ayenera kudziwa kuti akonze za ana akewo.

Ngati ukufuna kujambula mawu pafoni, pempha kaye, ndipo foniyo aione ili poyera. Ife okalamba tikayamba kukumbukira, maina amatipulumuka tokha osafuna. Akatchula dzina la wodwala usawadule mawu, koma polemba ulisiye, ndipo ukamaliza kulemba ufufute mawu ojambulawo. Ukaona ayamba kubwereza zomwe anena kale, ndiye kuti atopa, tsanzika, ukabwerenso tsiku lina. Ndipo dzina lawo iwowo uwafunse ngati akufuna lilowe m'mbirimo pambali pa la agogo ako.